Msana wa bambo ukufuna mpini wautali, osati mphini

Sabata ino makalata afika angapo, koma ndasankhapo imodzi yokha chifukwa nkhani yake ili pafupifupi pakhomo lililonse nyengo ino yokonza minda. Tamvani mmene mayiyu walembera.

Zikomo Anamwino,

Ndine mayi wa zaka 24, ndimakhala kumudzi kufupi ndi Malomo m'boma la Ntchisi. Ndili pabanja ndipo tili ndi ana awiri, wamng'ono ali ndi miyezi isanu. Vuto langa ndi la bambo a kunyumba. Masabata awiri apitawo ankatsitsa matumba a feteleza m'ngolo, ndiye potembenuka ndi thumba adamva kulasa m'chiuno mpaka adakhala pansi. Chiyambire tsiku limenelo angogona pamphasa, akuti akadzuka msana uthyoka. Akumwa Indocid ndi Brufen wogula paokala, m'mawa, masana ndi madzulo, koma sizikusintha, ndipo tsopano ayamba kudandaulanso m'mimba. Apongozi akuti tipite nawo kwa asing'anga akawateme mphini. Alamu anga akuti ayi, zimenezi n'za opaleshoni ku Central, tigulitse mbuzi. Anzawo a pabawo akuwauza kuti msana wadzadza chifukwa ine ndili ndi mwana wamng'ono, ndiye akayendeko kunja. Munda sitidamalize kugalauza, mvula ili pafupi. Kutunga madzi ndine, kubereka mwana ndine, khasu ndine ndemwe, moti nanenso msana wayamba kundiwawa. Ndithandizeni, ndimvere ndani?

Ine mayi wothedwa nzeru,
Malomo, Ntchisi.

Mwana wanga, pepani ndi mavutowa, komanso mwachita bwino kulemba mbuziyo isadapite kumsika. Paja akulu adati safunsa adadya phula. Ine ndagwira ntchito ya unamwino zaka zoposa 30, zambiri mwa zakazo m'zipatala za kumidzi kuno ku Dowa ndi Ntchisi. Mwezi wa Okutobala ndi Novembala pamzere wa odwala sipankalephera abambo ogwira m'chiuno, akuyenda chowerama ngati nkhalamba pomwe ali anyamata. Dziko lathu lino ndi la zitunda. Munda uli pamtunda, madzi ali kudambo, ngolo imalekezera pamsewu, kotsalako katundu amayenda pamutu ndi paphewa. Msana ulekerenji kulira?

Komabe kalata si chipatala. Amuna anuwo sindidawagwire ndi manja anga, choncho tiyambe ndi zimene sizifuna kuzengereza.

Zizindikiro zothamangira nazo kuchipatala

Kupweteka kwa msana kuli pawiri. Kulipo kwa ntchito, kumene kumadza minofu ikakokeka kapena ikatopa. Kumeneku ndiye kochuluka, ndipo kumapepuka kokha, moti ambiri pofika masabata 6 amakhala atabwerera kumunda. Ndiye kulipo kwina, kosowa koma koopsa, kumene kumakhala ngati belu lochenjeza za matenda ena obisika.

Afunseni bambowo mafunso awa lero lomwe. Kodi miyendo ikufooka, kapena phazi likukhwekhwereza pansi poyenda? Kodi akumva dzanzi pakati pa miyendo, kumalo obisika ndi pokhalira? Kodi mkodzo ukukanika kutuluka, kapena mkodzo ndi chimbudzi zikutuluka iwo osadziwa? Akayankha kuti inde pa limodzi mwa mafunso atatuwa, musadikire kuti kuche kawiri. Mitsempha ya mumsana yapanikizika, ndipo kuchedwa kungamusiye munthu wopuwala moyo wake wonse. Chimodzimodzi munthu amene msana wayamba kupweteka atagwa mumtengo, padenga, pachigafa kapena pangozi ya njinga yamoto, ameneyo anyamulidwe mosamala, atagona, kupita kuchipatala.

Palinso zizindikiro zina zobwera mwakachetechete: kutentha thupi, kutuluka thukuta usiku, kuwonda popanda chifukwa, chifuwa chosatha, ndiponso ululu wosaleka ngakhale munthu atagona phee pakati pa usiku. Ululu wa m'mbali, chakumunsi kwa nthiti, wobwera ndi mkodzo wotentha kapena wamagazi, nawonso si wa khasu, kawirikawiri umachokera ku impso.

Ndimakumbukira mayi wina amene adabwera naye pangolo zaka zapitazo, miyendo itasiya kugwira ntchito. Pamsana pake padali mphini zosawerengeka, zakale ndi zatsopano, ndipo pakati pa msana padali patatukuka kafupa. Adali atadwala pafupifupi chaka. Atamuyeza adapeza kuti ndi chifuwa chachikulu cha m'mafupa. Eetu, TB simangokhala m'mapapo, imathanso kudya mafupa a msana. Mankhwala ake alipo, ndipo ndi aulere m'zipatala. Mayiyo moyo adapulumuka, koma ankayenda ndi ndodo ali wamng'ono. Akadafika msanga nkhani ikadakhala ina.

Ngati amuna anu alibe chizindikiro chilichonse mwa zimenezi, ikani mtima pansi. Zimene mwalongosolazi, munthu wamphamvu zake kupotoka ndi thumba la makilogalamu 50 n'kumva kulasa m'chiuno, zikufanana kwambiri ndi msana wa ntchito.

Mapiritsiwo ayambe aima

Chimene chandidetsa nkhawa m'kalata yanu si msana, koma m'mimbamo. Indocid, Brufen, Diclofenac ndi Aspirin ndi ana a nyumba imodzi. Kumwa awiri nthawi imodzi sikuwonjezera kuchira, kumangowonjezera chiopsezo. Mankhwalawa amakanda chifu mpaka kuchita zilonda, ndipo akamwedwa nthawi yaitali amaononga impso, makamaka kwa munthu wogwira ntchito padzuwa osamwa madzi okwanira. Masabata awiri katatu patsiku ndi ambiri zedi. Awasiye lero, ndipo sabata yomwe ino mupite nawo kuchipatala chapafupi, mutatenga timapaketi ta mankhwalawo kuti a chipatala akaone zimene akhala akumwa. Koma mukaona chimbudzi chakuda bii ngati phula, kapena akasanza magazi, kapena zakuda ngati khofi, thamangani tsiku lomwelo.

Sindikunena kuti Brufen ndi woipa ayi. Amathandiza ndithu pa msana, akamwedwa yekha, munthu atadya, kwa masiku ochepa, pamlingo umene a chipatala anena. Koma wa zilonda za m'mimba, wa vuto la impso, wa kuthamanga kwa magazi, wa mphumu, mayi woyembekezera ndi amene akumwa ma ARV asamwe asadafunse kuchipatala. Panado savuta m'mimba, ngakhale pa msana mphamvu yake ndi yochepa. Munthu wamkulu amwe mapiritsi awiri a mamiligalamu 500, papite maola 6 asadamwenso, ndipo asapitirire mapiritsi 8 patsiku. Kupyola apo chiwindi chimaonongeka, makamaka kwa okonda kachasu. Dziwaninso kuti mankhwala ambiri a chimfine ndi a mutu ali kale ndi Panado m'kati mwake, ndiye osaphatikiza mwachisawawa.

Nanga mabotolo aja amagulitsa m'misika ndi m'mabasi, oti amachiza msana, shuga, nyamakazi ndi kusabereka nthawi imodzi? Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Botolo lopanda dzina la zimene zili m'katimo, lopanda mlingo, musalipatse impso za amuna anu.

Mphasa si mankhwala

Apa ndiyenera kuvomera kulakwa. Ife kusukulu ya unamwino tidaphunzitsidwa kuti wodwala msana agone pamalo olimba masiku ambiri, ndipo nanenso ndidauzapo anthu zimenezo. Kafukufuku wa zaka zotsatira adaonetsa kuti tinkalakwitsa. Munthu akagona nthawi yaitali minofu imafooka, mfundo zimauma, mantha amakula, ndipo kuchira kumachedwa. Kupuma tsiku limodzi kapena awiri ululu ukakhala waukulu si kolakwika. Kupitirira apo mphasa imasanduka mdani.

Vutoli si lathu lokha. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO lidati m'chaka cha 2020 anthu pafupifupi 619 miliyoni adali ndi ululu wa msana wakumunsi, ndipo ndi vuto limene likutsogola polepheretsa anthu kugwira ntchito padziko lonse. Mu Disembala 2023 bungweli lidatulutsa malangizo a momwe tingathandizire popanda opaleshoni anthu amene msana wawapweteka kopitirira miyezi itatu. Zimene lidaika patsogolo n'zosafuna ndalama zambiri: kumuphunzitsa wodwala za vuto lake, mafizo, kusisita, kumuthandiza pa nkhawa ndi mantha, ndi mankhwala a mtundu wa Brufen mosamala. Lidatinso malamba omanga m'chiuno, kukoka msana ndi makina ndiponso mankhwala amphamvu a mtundu wa morphine asamagwiritsidwe ntchito mwachizolowezi pa vuto limeneli. Ndiye lamba uja alamu angakuuzeni kuti mukagule ku Mponela, sungani ndalamayo.

Auzeni bambowo kuti msana ndi chiwalo cholimba, suthyoka chifukwa munthu waimirira. Podzuka asadzuke chagada. Atembenukire chammbali, atsitse miyendo, adzikankhe ndi manja. Lero ayende kuzungulira nyumba kangapo. Mawa akafike pakhola ndi kubwerera. Mkuja akafike pamsewu. Ayambe ndi malo osalala, zitunda zibwere pambuyo. Kumva kuwawa pang'ono poyenda sikutanthauza kuti akuononga kanthu. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Zochita pakhomo

Choyamba ndi kuthowa, kumene agogo athu ankakudziwa bwino. Nyikani chitenje m'madzi ofunda, finyani, ikani pamene pakupwetekapo kwa mphindi 15 kapena 20, kawiri kapena katatu patsiku. Kutentha kumamasula minofu yokungika. Madziwo muyambe mwawayesa ndi chigongono monga muchitira ndi madzi osambitsa khanda. Ndaonapo anthu ambiri obwera ndi matuza pamsana chifukwa chowathowa ndi madzi owira. Wodwala shuga, kapena amene khungu lake lachita dzanzi, ndiye kusamala kwake kukhale kowirikiza chifukwa amapsa osamva.

Chachiwiri ndi kusisita. Pakani timafuta pang'ono m'manja, sisitani mnofu wa mbali zonse ziwiri za msana, osati pafupa lapakati. Za kukwera pamsana wa munthu n'kumapondaponda, zija ena amachita, ayi ndithu.

Chachitatu ndi kagonedwe. Akagona chammbali aike pilo kapena chitenje chopindapinda pakati pa maondo. Akagona chagada achiike kunsi kwa maondo.

Chachinayi ndi mafizo, m'mawa ndi madzulo. Agone chagada pamphasa, apinde maondo, akokere bondo limodzi pachifuwa ndi manja, awerenge mpaka 10, kenaka linzake, kasanu mbali iliyonse. Akatero agwade ndi kugwira pansi ngati mwana wokwawa, akweze msana m'mwamba ngati mphaka wodzuka kutulo, kenaka autsitse pang'onopang'ono, kakhumi. Pakapita masiku angapo awonjezere iyi: ali chagada, maondo opinda, anyamule matako kuchoka pamphasa, awerenge mpaka 5, atsitse. Kumva kukoka n'kwabwino. Koma fizo imene ikuchititsa ululu kuthamangira kumwendo, kapena kukula kwambiri, imeneyo aisiye, akafunse kuchipatala.

Chachisanu sichigwirika ndi manja. Munthu amene akuganiza za ngongole ya feteleza, munda wosatha ndi mvula imene ikubwera sagona tulo, ndipo wosagona tulo ululu amaumva kawiri. Khalani pansi awiri, mugawane nkhawazo, mupangane chochita. Ngati amasuta, ino ndi nthawi yabwino yosiyira, chifukwa osuta fodya msana umawavuta kwambiri ndipo amachedwa kuchira.

Tsopano za alangizi anu atatu aja

Tiyambe ndi apongozi. Musawanyoze, akulankhula chifukwa cha chikondi, mwana wawo ali gone. Koma taganizani: ululu uli m'kati mwa minofu, lezala akucheka khungu. Ambiri amati mphini zidawachiza chifukwa adatemedwa nthawi imene msana udali ukuchira kale wokha, ndiponso kuwawa kwa bala ndi mankhwala otentha aja kumaiwalitsa ululu wam'kati kwa kanthawi. Pomwe zoopsa zake n'zenizeni. Lezala amene wacheka munthu wina angathe kupatsira kachilombo ka HIV ndi matenda a chiwindi a hepatitis B. Phulusa ndi mizu yopakidwa pabala zingathe kulowetsa kafumbata kapena kuchititsa mafinya. Nzeru yake ndi iyi: mawu okana mphini achoke pakamwa pa mwana wawo, osati pa inu mkamwana, kuopa kuutsa mapiri pachigwa. Ndipo apatseni ntchito apongoziwo. Apempheni kuti azifunditsa madzi othowera, kapena azikugwirirani mdzukulu inu mukapita kumadzi. Munthu amene wapatsidwa gawo pa chithandizo sakhala ndi mtima wotsutsa.

Kachiwiri alamu. Opaleshoni ya msana iliko, ndipo kwa oyenera imapulumutsa. Ku Lilongwe, pambali pa chipatala chachikulu cha Kamuzu Central, kuli chipatala cha mafupa ndi mitsempha cha LION chimene chidatsegulidwa mu 2023. Koma mpeni ndi wa anthu ochepa: othyoka msana, amene mitsempha yapanikizika mpaka miyendo kufooka, a zotupa, ndi ena a TB ya m'mafupa. Ngakhale ululu uja wotsika kuchokera m'chiuno kudzera kuseri kwa ntchafu mpaka kuphazi, kwa anthu ambiri umatha wokha pakapita masabata kapena miyezi ingapo popanda kung'ambidwa. Ekisire nayonso si mankhwala. Imaonetsa mafupa, siionetsa mnofu wokokeka, choncho dokotala akapanda kukujambulani musaganize kuti wakunyozani.

Ndipo njira yake si yongodzuka ulendo wa ku Central. Yambani pachipatala chaching'ono chapafupi. Akaona kuti n'kofunika adzakutumizani kuchipatala cha boma ku Ntchisi, monganso a ku Dowa amapitira ku Dowa boma. Dziko lino lakhala likuphunzitsa madokotala othandiza a mafupa kuyambira mu 1985, ndipo ndi amene amagwira ntchito yaikulu ya mafupa m'zipatala za maboma. Kumeneko mukafunsenso za a mafizo. Iwowo ndi amene angaone ngati pakufunika kupita ku Lilongwe. Chithandizo m'zipatala za boma ndi chaulere, chimene chimadya ndalama ndi ulendo basi. Mbuziyo isiyeni idye msipu.

Kachitatu anzawo a pabawo. Abale inu, bodza ili lapasula mabanja angati? Mumsana mulibe thumba limene limadzadza mwamuna akakhala osagona ndi mkazi. Ndaphunzira thupi la munthu, ndasambitsa odwala, ndathandiza m'chipinda cha opaleshoni, thumba limenelo kulibe. Msana wa amuna anu wapweteka ndi thumba la feteleza, limene aliyense adaliona. Kuyenda kunja sikuchiza msana, kumangobweretsa matenda m'nyumba. Ndipo mayi woyamwitsa akatenga kachilombo ka HIV kumene, mpata woti apatsire mwana kudzera m'mkaka umakhala waukulu kwambiri. Bambo, ngati mukuwerenga kapena akukuwerengerani, funso ndi lakuti: mawu a pabawo ndi moyo wa khanda lanu, cholemera n'chiti?

Kumbali ya chipatala, pakapita masabata 6 chibadwire mwana, mayi atachira bwino ndipo iye mwini ali wokonzeka, banja likhoza kuyambanso kukhalira pamodzi. Njira zakulera zoyenera mayi woyamwitsa zilipo kusikelo. Ngati chikukuimitsani ndi mwambo wa kumphasa, kambiranani ndi anankungwi ndi ankhoswe poyera, kusiyana n'kuti wina azikafuna nzeru pabawo.

Kuti zisabwerenso

Msana ukapweteka kamodzi umakonda kubwereza, ndiye bambowo akachira asinthe kagwiridwe ka ntchito. Ayambe ndi ntchito zopepuka, theka la tsiku, osati kulusira munda wonse tsiku limodzi pofuna kubweza masiku otayika. Ambiri amavulala chifukwa thupi lakhala miyezi likupuma chikololere, kenaka mwadzidzidzi alipatsa khasu kuyambira mbandakucha mpaka dzuwa paliwombo.

Tayang'anani mpini wa khasu lanu. Mipini yambiri kwathu kuno ndi yaifupi, moti munthu amalima atapindika pakati tsiku lonse. Mpini wautali umalola munthu kulima ataweramuka pang'ono, maondo atapindika pang'ono, msana n'kupumako. Ena amaseka, ati khasu lotero n'la alesi. Asiyeni aseke. Kusema mpini wina sikufuna mbuzi. Ndipo pakatha mizere ingapo iliyonse, imirirani, gwirani m'chiuno ndi manja onse awiri, pindikirani chakumbuyo pang'ono katatu kapena kanayi, mumwe madzi, mupitirize.

Ponyamula katundu, pindani maondo, katunduyo akhale pafupi ndi thupi, ndipo potembenuka tembenukani ndi mapazi, osati kupotoza chiuno katundu ali m'manja. Thumba la makilogalamu 50 ndi la anthu awiri. Ngati muli nokha ligaweni pawiri, muyende maulendo awiri, makamaka potsika chitunda. Palibe mendulo imene amapereka kwa wonyamula thumba yekha. Nyengo yosoka ndi kusankha fodya, musakhale pansi chopinda maola ambiri. Pezani kampando kapena chitsa, ndipo muzidzuka pafupipafupi n'kuwongola thupi.

Nanga msana wanu, mayi?

M'kalata yanu mwadziika kumapeto, monga amachitira amayi ambiri. Ine ndikuikani patsogolo. Chigubu cha malita 20 chimalemera makilogalamu 20. Onjezanipo mwana wa miyezi isanu kumbuyo, ndi chitunda chochokera kumjigo. Kumbukiraninso kuti minofu ya pamimba, imene imathandiza kugwira msana, imatenga miyezi kuti ibwerere mwakale mayi akachira. Inu mukagwa, nyumba yonse yagwa.

Ngati n'kotheka, mwana atsale ndi agogo ake popita kumadzi. Tungani madzi ochepa maulendo angapo, ndipo wina azikusenzani ndi kukutulani. Pobereka, mwana akhale m'mwamba ndipo chitenje chikhale chothina bwino, asalendewere m'chiuno. Poyamwitsa tsamirani khoma, mwana mumukweze pa pilo kapena nsalu kuti abwere kubere, osati inu kuweramira kwa iye. Pochapa ndi potsuka mbale ikani beseni pamalo okwera. Mafizo ndawalongosola aja ndi anunso, muzichita limodzi ndi bambo, mwina n'kusekako pang'ono. Ndipo bambowo akachira, njinga kapena wilibala ingathe kubweretsa zigubu ziwiri ulendo umodzi. Mwamuna wotungira mkazi wake madzi sadadyetsedwe mankhwala, ndi wanzeru.

Amayi nonse owerenga, mawu awiri apadera. Msana wopweteka pamodzi ndi kutaya magazi mukakhala malo amodzi ndi bambo, kapena pakati pa mwezi, kapena chikazi chonunkha, pitani mukayezetse khomo la chiberekero. Khansa imeneyi ikutha amayi ambiri m'Malawi muno, pomwe ikapezeka msanga imachizika, ndipo kuyeza kwake n'kwaulere m'zipatala za boma. Kwa oyembekezera, msana kuwawa n'kofala, koma ukabwera ndi magazi, kutaya madzi, kutentha thupi kapena kupotokola kobwerezabwereza masiku asadakwane, ulendo wa kuchipatala usachedwe.

Za mundawo, mutu umodzi susenza denga. Alamu amene amafuna kugulitsa mbuzi aja, apempheni abwere ndi khasu masiku awiri. Itanani dima, kapena uzani a kumpingo ndi a kubanki m'khonde. Chaka chamawa mudzabweza ndinu.

Ndiye mwafunsa kuti mumvere ndani. Mapiritsi ophatikizawo aime lero. Sabata ino mupite kuchipatala chifukwa cha m'mimbamo, akawaonenso msanawo. Bambo adzuke pamphasa, ayambe kuyenda, muziwathowa, azichita mafizo. Pakatha masabata 6 osasintha, kapena chizindikiro chimodzi mwa zoopsa zija chikaoneka, bwererani kuchipatala msanga. Mundilemberenso mwezi wamawa, ndimve ngati mizere yatha ndiponso ngati mbuzi ikadali m'khola.

Sabata yamawa, Mulungu akalola, tidzakambirana za mutu waching'alang'ala, ndi chifukwa chake si bwino kumwa mankhwala a malungo musadayezetse magazi. Pitirizani kulemba, mayina anu sitiwatchula.

Ndatha ine wanu,
Namwino wopuma.